Madisiki a Pulofesa Nachisale

Kalekale, koma osati kale lenilenilo, pa yunivesite ina panali mayi wophunzitsa fizikisi, Pulofesa Nachisale. Kwa zaka makumi atatu ankakwera padenga la labotale tsiku ndi tsiku, kukatchera kachipangizo koyeza mphamvu ya dzuwa. Manambala onse ankawasunga m'timadisiki takale tija, tamakona anayi, n'kumatiponya m'katoni ya sopo.

Kutatsala mwezi umodzi kuti apume pantchito, anafuna kuika manambalawo mu laibulale ya pa intaneti, kuti aliyense aziwawerenga. Kompyuta yawo yakale inali itangofa, ndiye anatenga kadisiki kamodzi, n'kuzungulira nako maofesi onse. Palibe kompyuta imene inali ndi polowetsera! Onse anali atagula zatsopano.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndimangowothera dzuwa?" anatero mayiwo, n'kukhala pansi.

Nkhaniyi inawapeza anthu atatu amene mayiwo anawaphunzitsa kale.

Woyamba anali Lameki, wokonza makompyuta, amene anzake ankamuseka kuti sataya kanthu. M'khitchini mwake munali chikompyuta chachikale, nkhuku inkaikira mazira pamwamba pake. Anathamangitsa nkhuku, anachipukuta, anabwera nacho pa kabaza. Atachiyatsa chinalira ngati chigayo, kenako manambala aja mbwee, onse anatuluka.

Koma pamenepo panaoneka vuto lina. Pulofesa sankalemba mitu ya mizere kapena masiku, poti ankati zonse zili m'mutu. Tsopano m'mutumo zonse zinali zitauluka. Mzere wa kuwala ndi uti, wa kutentha ndi uti, osadziwa.

Wachiwiri anali Tiyanjane, mphunzitsi wa kusekondale. Anakhala pa manambalawo masiku anayi, ndiye anakuwa: "Mayi, bwerani! Mzere uwu ndi wa kuwala. Taonani apa, wagwa mwadzidzidzi dzuwa lisanalowe. Ndi tsiku la kadamsana lija, lomwe tinathawa kalasi yanu!"

"Ohoo, munathawadi eti? Paja munati kunali maliro!" anaseka Pulofesa.

Kuyambira pa tsiku limenelo, Tiyanjane anawerenga chakutsogolo ndi chakumbuyo mpaka nambala iliyonse inapeza tsiku lake.

Wachitatu anali Gomezgani wa kulaibulale. Iye anawasanja bwinobwino manambalawo, analemba mawu ofotokozera, n'kuwaika pa intaneti pamalo poti wofufuza asavutike. Sipanathe sabata zitatu, makalata anayamba kufika. Anthu oika masola m'zipatala zakumidzi ankathokoza, ati tsopano akudziwa kuti mwezi wakutiwakuti dzuwa limapereka mphamvu yochuluka bwanji.

Tsiku lotsanzikana kunali nthungululu, Pulofesa anavina mpaka kuvula nsapato. Kenako anatulutsa mkanjo wawo wofiira. Mwambo wa pamenepo unali woti wopuma amasiyira mkanjo wophunzira wake mmodzi yekha.

"Popanda chigayo changa chija, bwenzi mukuwerenga katoni ya sopo," anatero Lameki.

"Achimwene, inu munatulutsa mulu wa manambala opanda mutu," anayankha Tiyanjane. "Nkhuku yanu ikanawamva bwino kuposa inu."

"Nonsenu munangowachotsa m'katoni n'kuwaika m'katoni ina," anatero Gomezgani. "Amene anawafikitsa kuchipatala ndi ine."

Pulofesa anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, mkanjo uli m'manja, anthu akudikira kuwomba m'manja.

Nanga inu abale anga, mukanakhala Pulofesa Nachisale, mukanaveka ndani mkanjowo: amene anatsegula madisiki, amene anamasulira manambala, kapena amene anawafikitsa kwa anthu?