Chitsamba cha Bisalomu

Panali munthu wina wofula njuchi, dzina lake Bisalomu. Ankakhala kuchikamwini, m'mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango youma, kumene mitengo ya tsanya imayoyola masamba onse m'chilimwe n'kungoima ngati yakufa. Iye ndi mkazi wake anabereka ana atatu, ndipo onse atatu anawaika m'manda asanayambe n'kuyenda komwe. Mkazi uja anali ndi abale ake pamudzipo. Bisalomu analibe wake. Pamilandu sankamufunsa nzeru, ndipo anthu ankangomutchula kuti “a uchi aja.” Sanali munthu woipa, ndikuuzeni. Koma mumtima mwake munali chinthu chimodzi chimene chinkamudya. Ankadziwa kuti tsiku lodzamukwirira, dzina lake adzalikwirira naye limodzi.

Chaka china, m'mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika posauzana, iye anaona njuchi zake zikulowera kuphiri, kumene kunalibe madzi kapena chobiriwira chilichonse. Anazitsatira. Pakati pa miyala anapeza chitsamba chofika m'chifuwa, chopanda tsamba ndi limodzi lomwe, koma chodzaza maluwa ofiirira, opangika ngati a nandolo. Nkhalango yonse inali yotuwa, chokhacho n'chimene chinavala. Bisalomu anali atayenda m'nkhalangomo zaka makumi atatu, koma chitsamba chotere anali asanachione.

M'mwezi womwewo kunabwera mayi wina wochokera mumzinda, wophunzira za zomera. Ntchito yake inali yoyenda m'nkhalango, kuthyola timasamba ndi timaluwa, n'kutipanikiza pakati pa mapepala ndi matabwa awiri. Ankafuna munthu wodziwa njira, ndipo anthu anamulozera kwa a uchi aja. Tsiku lachitatu Bisalomu anamutengera kumiyala kuja. Mayiyo anagwada pansi, nayang'ana duwa limodzi nthawi yaitali.

“Bambo, chitsamba ichi ndi cha banja la nyemba,” anatero. “Ndawerenga mabuku ambiri, koma ichi sindinachipezemo. Mwina chilibe dzina kulikonse. Kodi chilipo china?”

“N'chokhachi, mayi,” anayankha Bisalomu. Pa nthawi imeneyo ankanena zoona monga momwe ankadziwira.

Mayi uja anafotokoza kuti duwa lokha silikwanira. Kutali kwina kuli chitsamba chofananako nacho, ndipo chosiyanitsa ziwirizo ndi makoko ake. Makoko a chaka chatha anali atathetheka kale n'kupsa ndi moto wolusa. Choncho anati adzabweranso mvula ikadzatha, atsopano atakhwima. “Chikadzapezeka kuti n'chatsopano,” anatero, “mwambo wathu umalola kuti dzina la munthu amene wationetsa lilowe m'dzina la chomeracho. Likalembedwa silifufutidwa. Anthu a m'maiko amene simudzafikako adzalitchula inu ndi ine titapita kale.”

Mayiyo ananena zimenezi mwaulemu chabe, akumanga matabwa ake. Sanadziwe kuti wakhudza pachilonda.

Bisalomu anasintha. Anamanga mpanda wa minga kuzungulira chitsambacho kuti mbuzi zisafike. Analambula udzu mozungulira kuti moto usadutse. Anayamba kuyenda atatukula mutu, ndipo nkhani yake inali imodzi basi, pachitsime, pamsika, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Anthu ankamuseka pang'ono, koma osati mwankhanza. Ena ankati munthu wabereka paukalamba.

Tsono mkazi wa Bisalomu anali ndi mkulu wake, Nangozo, mayi wamasiye woumba mbiya. Dothi lake ankakatapa kukhwawa lina kuseri kwa phiri lomwelo, malo otsetsereka amene amuna sankapitako chifukwa kunalibe milimo kapena nyama. Tsiku lina Bisalomu anamuonetsa duwa limodzi limene anathyola. Nangozo analitembenuza m'manja mwake modzaza dothi, naseka.

“Alamu, kodi nkhani yonseyi n'chifukwa cha chimenechi? Kumtapo kwanga zilipo zisanu ndi chimodzi. Ndinazipeza ndili mtsikana, pamene amayi ankandiphunzitsa kutapa dothi. Makoko ake ndi amene ndimadindira mizere pakhosi pa mbiya zangazi.”

Ananena zimenezo n'kupitiriza kuumba. Kwa iye nkhaniyo inathera pomwepo. Kwa Bisalomu m'pamene inayambira.

M'mawa mwake anapita yekha kukhwawa kuja, ndipo anazipeza monga momwe ananenera. Zinali zazikulu kuposa chake, zamaluwa ochuluka kuposa chake, ndipo njuchi zinali ng'weng'we pamenepo, njuchi zake zomwe. Munthu wina akanasangalala kuti chitsamba chake chili ndi abale. Iye anakhala pamwala, nayamba kuwerengera mumtima. Mayi uja akadzabwera, adzamva kuti pali munthu amene anazidziwa kalekale, ndipo ali nazo zisanu ndi chimodzi pamene iye ali nacho chimodzi. Nangozo ali ndi ana, ali ndi adzukulu, ali ndi mudzi. Kodi atenge ndi ichi chomwe? Sanapite kukamufunsa mlamu wakeyo ngati akulifuna dzinalo. Nsanje sifunsa, imadziyankha yokha.

Patapita masiku anayi m'mudzimo munagwa maliro a mkulu wina. Mukudziwa mwambo wake: tsiku la maliro khasu siligwiridwa, nkhwangwa siinyamulidwa kupatula ya adzukulu okumba manda. Anthu onse anali kusiwa. Bisalomu anatenga nkhwangwa, khasu ndi moto, nadzera njira ya kuseri, dzuwa lili paliwombo.

Ankaidziwa ntchito yake. Ankadziwa kuti chomera cha m'nkhalango youma sichifa ndi nkhwangwa yokha, chimaphukira mvula ikagwa. Choncho atadula anakumba zitsa, natsata mizu mpaka pamene inathera. Anaunjika nthambi, zitsa ndi nkhuni zouma pa dzenje lililonse, nakoleza moto waukulu umene unapsereza nthaka, ndi njere zomwe zinali zitagwera pansipo. Nyimbo za kumanda zinkamveka chapatali. Pamene anthu ankabwerera kumudzi, iye ankatsika phiri, thupi lonse lili phulusa lokhalokha. Mawu amene anauza mayi uja anali atakhalanso oona. Chinalidi chokhacho.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Chitsamba cha Bisalomu chinaphuka masamba ang'onoang'ono ngati a bwemba, chinanenepa, chinatalika. Koma maluwa ake anali atayoyoka onse osasiya kanthu. Iye ankapita m'mawa uliwonse, kutembenuza nthambi iliyonse, kufunafuna kakhoko ngakhale kamodzi. Anathira manyowa. Anatunga madzi kukwera nawo phiri, zimene sanachitirepo ngakhale munda wake. Khoko silinaoneke.

Mvula itatha, mayi uja anabwera monga analonjezera. Anayang'ana chitsambacho kuyambira kunsonga mpaka kutsinde, nagwedeza mutu. Anati mwina chaka chinali choipa, ayesenso chaka chamawa. Pobwerera kumudzi anamva ludzu, napempha madzi pakhomo la Nangozo. Akumwa, maso ake anagwera pakhosi pa mbiya. Panali mizere ya timano tating'onoting'ono, yokhota ngati chikwakwa. Anafunsa chimene amadindira, ndipo Nangozo anatulutsa m'kachitini khoko limodzi louma, lakuda ndi kugwiridwa, lamano m'mbali mwake.

Mayiyo analiika pachikhatho. “Ndi limeneli,” anatero. “Khoko lotere kulibe kwina. Chitsambachi n'chatsopanodi. Mayi, munalitenga kuti?”

Nangozo anayang'ana mlamu wake, amene anali ataima pafupi ndi nkhokwe. Kenaka anatenga chitenje, nati, “Tiyeni mukaone nokha.”

Anakwera atatu. Pakhwawa paja anapeza maenje asanu ndi limodzi akuda, udzu utamera mozungulira koma osalowa m'katimo. Mayi wa mumzinda uja sanafunse amene anachita. Anangolankhula motsitsa, monga munthu wolankhula pamaliro.

“Tsopano ndamvetsa chifukwa chake chija sichinabereke. Zilipo zomera zina za banja limeneli zimene sizibereka ndi mungu wa maluwa awo omwe. Njuchi imayenera kutenga mungu pa chitsamba china n'kukausiya pa chinzake. Njuchi zanu, bambo, zinkachoka kuno kupita kumiyala kuja, n'kubwereranso. Makoko onse amene chitsamba chanu chinaberekapo anachokera kuno. Chidzachita maluwa chaka ndi chaka mpaka chidzakalamba, koma mbewu sichidzasiya.”

Taonani, munthu uyu anakhala ndi njuchi moyo wake wonse. Ankadziwa bwino chimene njuchi imatenga paduwa, chifukwa ndicho ankadya. Chimene imasiya paduwa sanachiganizirepo.

Bisalomu anafunsa funso limodzi lokha. Anafunsa ngati m'khoko la Nangozo munali njere. Nangozo analigwedeza pafupi ndi khutu lake. Munalibe phokoso. Njere zake anazitaya kalekale, pakuti iye ankangofuna mano a khokolo.

“Ndine ndinachita,” anatero Bisalomu.

“Ndinadziwa, alamu,” anayankha Nangozo. “Pamaliro paja sitinakuoneni.”

Mayi uja anatembenukira kwa Nangozo. Anati mwachilungamo dzinalo liyenera kukhala lake, popeza ndiye anazidziwa poyamba, ndiponso ndiye wapereka khoko. Nangozo anakana ndi mutu.

“Ine dzina la m'buku ndichita nalo chiyani? Lembani lawo. Akanandifunsa tsiku lija ndikanawauza zomwezi. Ine ndinkangofuna podindira mbiya.”

Ndipo linalembedwa. Patapita zaka ziwiri kunabwera pepala losindikizidwa, lokhala ndi chithunzi cha duwa ndi cha khoko lija. Pamwamba pake panali dzina la Bisalomu, atalitalikitsa pang'ono monga amachitira anthu ophunzira. Mphunzitsi wa pasukulu anamuwerengera pamaso pa anthu, nawamasulira. Anawerenga dzina, ndipo anthu anaomba m'manja. Kenaka anawerenga mzere wapansi pake. Unkati chomerachi chikudziwika chimodzi chokha padziko lonse, ndipo sichibereka. Apo panalibe woomba m'manja.

Anthu ophunzira anayesa kudula nthambi zake kuti akabzale kwina, koma sizinagwire. Bisalomu anayenda mapiri onse ozungulira, chilimwe ndi chilimwe, kutsatira njuchi iliyonse, kufuna china chimodzi chokha. Sanachipeze. Atakalamba, miyendo itakana, ankangokwawira kumiyala kuja m'mwezi wa Okutobala, n'kukhala pansi kunja kwa mpanda wake wa minga. Njuchi zinkabwera, zinkalowa m'duwa ndi kutuluka, zilibe chosiya. Maluwa ankagwera pamapazi ake. Ine nkhani imeneyi imandimvetsa chisoni, chifukwa munthuyo anapeza ndendende chimene ankafuna.

Tsono ndinene ndi inu amene takusankhani lero kuti mutitsogolere mumpingo muno. Aliyense wa inu ali ndi mphatso, n'chifukwa chake takuimikani kutsogolo kuno. Koma sipapita nthawi, mudzamva kuti kuseri kwa phiri kuli wina wolalika bwino kuposa inu, woimba bwino kuposa inu, wokondedwa ndi anthu kuposa inu. Mtima udzakuuzani kuti akukulandani chanu. Simudzanyamula nkhwangwa, ndikudziwa. Mudzangonena kamawu kamodzi pamsonkhano iye kulibe, kapena kuiwala dzina lake pogawa ntchito, mpaka adzafota n'kuchoka. Ndipo zidzatheka. Mudzatsala nokha, mpanda uli bwinobwino, anthu akukutchulani ndi ulemu.

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Zabwino zimene mwabereka mpaka lero simunazibereke nokha. China chake chinachokera kwa mnzanu uja, ngakhale simunaone pamene chinkafika. Choncho tsiku limene mtima udzayambe kuwerengera, musapite kukhwawa. Pitani pakhomo pake mukamufunse. Mwina mudzapeza kuti dzina lanulo sakulifuna n'komwe. Ndipo mukamudula, musadzadabwe kuona maluwa anu akugwera pamapazi anu chaka ndi chaka, popanda khoko ndi limodzi lomwe loti mudzasiyire ana athu.