Khitchini ya a Pensulo

Anthu ankawatcha a Pensulo chifukwa pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Anagwira ntchito zaka makumi atatu m'sitolo ya zomangira nyumba, kuwerenga misomali ya eni ake, ndipo anatulukamo ndi zinthu ziwiri: kandalama ka penshoni ndi mtima wosakhulupirira munthu.

Khitchini ya kunyumba kwawo inali itatopa. Kabati ya pansi pa sinki inafufuma ndi chinyezi, chitseko chake ankachimanga ndi waya. Komabe akazi awo ankaphikiramo tsiku ndi tsiku, akudikira yatsopano imene anawalonjeza ana akadali kumsana.

Penshoni itatuluka, a Pensulo anayeza chipindacho n'kulemba kuseri kwa kalendala: matailosi, simenti, sinki, matabwa, penti. Mitengo ankaidziwa pamtima, ndipo zonse zinakwana ndendende. Matailosi anagula tsiku lomwelo. Kenako anaitana mmisiri kuti angotchula mtengo wa manja ake.

Mmisiriyo sanayang'ane n'komwe kalendala. Anagwada n'kuyamba kugogoda pansi ndi mpini wa hamala. Chakukhomo pankamveka polimba. Pafupi ndi sinki panalira ngati ng'oma.

"Achikulire, pansipa pali mphako," anatero. "Paipi yakhala ikudontha zaka zambiri. Pa zimene mwalembazo muwonjezerepo theka lina la zobisika. Ngati palibe, musagumule. Tingosintha kabatiyi, amayi aziphika."

"Zobisikazo zimakhala pa shelefu iti?" anafunsa a Pensulo. "Zaka makumi atatu sindinagulitsepo katundu wa dzina limenelo. Mwabwera kudzayeza khitchini kapena thumba langa?"

"Ine ndanena zimene makutu anga amva. Nyumba ndi yanu."

Amisiri ambiri ndi akuba, zimenezo palibe angatsutse. Koma tsoka la munthu woberedwa kawirikawiri n'lakuti tsiku lomwe amuuza zoona ndi lomwe amatseka makutu.

"Bambo, bwanji tingosintha kabati monga wanenera munthuyu?" akazi awo anapempha mmisiri atapita. "Ine ndinazolowera kale."

"Mayi, inu dziwani za mapoto. Masamu ndi anga."

Loweruka anabwereka chihamala kuti agumule okha, asalipire wogumula. Pofika masana makabati anali pabwalo, sinki atazula. Atamenya simenti ya pansi, chihamalacho chinangolowa ngati m'matope, ndipo panatuluka fungo la chithaphwi. Paipi inali itadyeka ndi dzimbiri. Dothi linali litakokoloka mpaka kunsi kwa khoma, khomalo lili lende.

Mmisiri uja anabweranso, ndipo sanawanyoze. Ndalama ya makabati inapita ku mapaipi. Ya sinki ndi penti inamira m'maziko. Khoma limene ankalimanganso lisanafike pawindo, penshoni inatha psiti. A Pensulo ananyamula matailosi kukabweza kusitolo yomwe anaitumikira moyo wawo wonse. Kumeneko anawalozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, chimene iwo omwe ankalozera anthu ena.

Akazi awo anayamba kuphikira pakhonde, madzi akutunga pampopi wa panja. Mvula itayamba, ankatchinga mbaula ndi lata, iwo n'kumanyowa msana. Sanadandaule. Chinawalankhulira ndi chifuwa chimene chinawagwira osawasiya.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi anafika ndi galimoto, n'kulongeza zovala za amayi ake pamodzi ndi mapoto awiri.

"Ababa, amayi ndawatenga. Adzabwera khitchini ikatha."

Palibe anafunsa kuti idzatha liti.

Tsopano chaka chikutha. A Pensulo amadyera atakhala pa makatoni a matailosi, moyang'anizana ndi dzenje limene anakumba ndi manja awo. Nthawi zina amatembenuza kalendala ija n'kuwonkhetsanso. Masamu ake ndi olondola mpaka lero, palibe nambala yolakwika. Kungoti khitchini yakale ija, ndi kuwola kwake konse, inali ndi moto komanso munthu woukoleza.

Akuluakulu sananame: ukapanda mano usamaswe phale.