Mzere Wapansi Penipeni

Panali munthu wina wokonza makina osokera, katswiri koma wouma mutu ngati chitsa. Iyeyu anayambana ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Chiletso, mpaka mwanayo anakwera basi ya ku Joni osatsanzika. Patapita zaka msika umene munali shopu yake unapsa. Bamboyo anasamukira tauni ina, nasintha nambala ya foni, natayanso dzina la shopu limene anasankha ndi mwana wakeyo, lakuti Singano Silema.

Kumalo atsopanowo kunalibe womudziwa. Ankakhala tsiku lonse ndi makina osalankhula, ndipo ankasungulumwa kwambiri.

Mayi wina wodziwa za intaneti anamukonzera tsamba. Anamuuza kuti makasitomala amabwera ukalemba mawu amene iwo eni amalemba pofufuza, osati amene akukoma m'khutu mwako. Mwezi uliwonse ankamubweretsera mndandanda wa mawuwo. Pamwamba panali "makina akudula ulusi", anthu mazana. Bamboyo anaika mawuwo patsamba, ndipo ntchito inayamba kubwera.

Koma pansi penipeni pa mndandandawo panali mzere wina: "Singano Silema ali kuti". Wofufuza mmodzi, kuchokera ku Joni. Mayiyo anafotokoza kuti dzinalo linangotchulidwa kamodzi patsambalo, m'mbiri ya shopu, choncho tsambalo linkaonekera kutali, kumapeto kwa zotsatira, kumene wofufuza safikako.

"Ameneyo musiyeni, bambo," anatero mayiyo. "Munthu mmodzi si msika."

Bamboyo anamudziwa munthu mmodziyo. Koma anaumitsa mutu. Anati m'mtima mwake, anapita ndi miyendo yake, abwere ndi miyendo yomweyo. Mwezi wotsatira mzerewo unalipo. Winawonso unalipo. Iye ankayamba kuuyang'ana asanaone china chilichonse, n'kupinda pepalalo, n'kunena kuti mwezi wamawa. Ha, mawa ameneyu! Paja amati mawa mawa sapeza kanthu.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri anatsitsa chala mpaka pansi. Mzerewo panalibe.

Tsiku lomwelo anapita kwa mayi uja, namuuza kuti achotse mawu onse okopa makasitomala pamwamba pa tsambalo. Mayiyo anamuchenjeza kuti ntchito ichepa, koma iye sanamve. M'malo mwake analemba kuti: "Singano Silema ili pano. Bambo ako ali moyo. Imba."

Ntchito inachepadi. Mpaka lero aliyense wofufuza dzinalo angalipeze pamwamba penipeni, ndi nambala yake. Koma palibe akulifufuza. Mwezi ukatha bamboyo amalandira pepala lake, n'kuyambira pansi kuwerenga.

Nanga inu, abale anga, mumawerenga makamu amene akukufunani chifukwa cha zimene mumachita ndi manja. Alipo mmodzi amene akufuna inuyo, ndipo mukumudziwa. Wofufuza naye amatopa. Muyankheni akadali kufunsa.