Khofi wa Filesi ndi Pakamwa pa Alandilodi

Ku Ndirande kudali Filesi, amene adasakaniza m'botolo zotsalira za khofi, shuga ndi mafuta ophikira, zoti mng'ono wake adzikhulire thupi chinkhoswe chake chisanayambe. Alandilodi, mayi Chimwaza, adamva fungo.

"Botolo lonselo undipatse, apo ayi usamuke!"

"Chabwino mayi, koma ndikupakeni kaye," adatero Filesi, nawapaka kumaso. "Mukangoyankhula zisanaume, nkhope ikwinyika ngati ya bilimankhwe."

Mayi Chimwaza adakhala pakhonde duu, koma mafuta amauma ngati? Nyerere zidalondola shuga, iwo osatsokomola n'komwe.

Filesi adatulukira, botolo lili m'khwapa.

"Mayi, ngati mukulifunabe, ingonenani."

Mayi adangotong'ola maso, nyerere ikuyenda pamphuno.

"Iii, mtima wabwino! Ambuye akudalitseni," adatero Filesi, ulendo wa ku chinkhoswe.