Mbawa wa Pakasupe

Panali mlimi wina kuseri kwa phiri la kwathu, amene sukulu analekezera Sitandade 6 koma masamu ankawakonda kuposa ndiwo. Munthuyu anadzala mibawa m'mbali mwa kamtsinje: mizere 28, mzere uliwonse mitengo 36, ndipo mtengo umodzi anaudzala paokha pakasupe. Yonse pamodzi inali 1,009.

Anthu ankamuseka kuti, "Aphiri, nanga kamodzi aka kanakulakwirani chiyani?" Iye ankangomwetulira.

Ha, nkhalango imene ija! Dzuwa la mu Okutobala silinkalowamo. Amayi ankatunga madzi chaka chonse, njiwa zikulira pamwamba. Ndimaisowa, ana inu, ndisakubisireni.

Atadwala, mlimi uja anaitana ana ake atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi, nati, "Mitengoyi mudzagawane ikadzagawika mofanana, popanda wotsala. Apo ayi, ikhale ya nonse." Onse analonjeza.

Maliro atatha, wamkulu anatenga pensulo, poti ndiye anali wophunzira. Anagawa patatu: aliyense 336, kutsala umodzi. Mlongo wawo anati iye asawerengedwe. Pawiri, kutsala umodzi. Anawonjeza mayi awo kuti akhale anayi, kutsala umodzi womwewo. Anayesa pasanu, pakhumi, mpaka pensulo inatha. Nambala imeneyi ndi ya mtundu wouma mutu: imagawika ndi imodzi, kapena ndi iyo yokha basi. Nkhalamba ija inkadziwa zimene inkachita.

Anakhala choncho zaka zisanu, akudulira limodzi nthambi, akumwa madzi amodzi. Koma wamkulu uja mtima sunakhale pansi. Ankafuna gawo loti azilitchula lake.

M'mawa wina ananola nkhwangwa napita pakasupe. Mlongo wake anamutsatira akulira. "Achimwene, umenewo ndi umene watigwira tonse. Usiyeni!"

"Mtengo umodzi ndi chiyani pa chikwi?" anatero, nautema.

Inatsala 1,008. Eee, nambala yaulemu imeneyo, siikana munthu! Pawiri imalola, patatu imalola, panayi, pasanu ndi kawiri, ngakhale pakhumi ndi kawiri. Anagawana 336 aliyense, lonjezo osaliphwanya. Wina anaitana ocheka matabwa, wina owotcha makala. Amene anasunga yake, ana ake anadzaigawananso, poti nayo 336 siivuta kugawa. Pasanathe zaka khumi kasupe anauma, ndipo abale aja analeka kuyenderana. Lero pamalopo pali zitsa ndi fumbi.

Mlimi uja anali bambo anga. Nkhwangwa ija inali m'manja angawa, amene akuphunzitsani masamu zaka zonsezi.

Tsono inu, mukadzapeza pakhomo panu kanthu kamodzi kokana kugawika, kaya ndi chitsime, kaya ndi nyumba ya makolo, musathamangire kukachotsa kuti masamu ayende. Mudzayambe mwafunsa amene anakasiyapo. Ine masamu ndinakhoza, koma madzi ndimakatunga kutali.