Kamphuno, Katumbu Wobwereka Mawu

Ndagi! N'changa, sindinachigule, sindinachionepo, koma amayi amachizindikira ngakhale pamsika pali piringupiringu. Mwagonja? Khalani pansi, yankho libwera lokha.

Kalekale, kutali kumene nyanja ndi yamchere ndipo madzi amaundana n'kusanduka miyala, kunali chilumba cha akatumbu. Osati akatumbu a m'mitsinje yathu ino ayi. Awa ndi akuluakulu, aubweya wofewa, timakutu ngati nsonga ya chala, manja ngati nkhafi.

Mwambo wawo unali uwu. Mayi akayamwitsa mwana, ankamusiya pamiyala n'kupita kukasaka nsomba masiku angapo. Pobwera ankaima m'mphepete mwa madzi n'kuitana. Ana anali ambirimbiri, onse akuda bii, ofanana ngati nyemba. Tsono mwana ankayankha, mayi ankatsata mawuwo, n'kumununkhiza. Mwana wa mwini sankayamwitsidwa, zivute zitani.

Pachilumbapo panali kamwana kakakazi, dzina lake Kamphuno. Mimba yake sinkamva kukhuta. Mawu ake anali osasa ngati chitseko chadzimbiri, moti akalira anzake ankagwa ndi phwete. Koma mawu a mnzake akangowamva kamodzi, basi wawatola.

Tsiku lina amayi ake atapita kunyanja, njala inamupotokola. Anaona mayi wina, Namafuta, akutuluka m'madzi, mimba ili ndendende ndi mkaka. Mwana wa Namafuta anali atapita kukasewera m'chithaphwi. Kamphuno anagubuduka pogona pa mwanayo kuti atenge fungo lake, ndipo anayankha ndi mawu ake: "Mee-e!"

"Mwanawe, wafupika bwanji?" anafunsa Namafuta.

"Ndi mphepo, amayi. Yandifinya."

Anayamwa mpaka kugeya.

M'mawa mwake kunabwera mayi winanso, Nandevu. Kamphuno anagubudukanso, n'kulira ngati mwana wa Nandevu: "Nyii-i!"

"Iwe, mphunoyi yakula liti?"

"Ndi kukununkhizani muli kutali, amayi."

"Ha, mwana wanga wachikondi!" anatero Nandevu, n'kumugonera chammbali.

Wachitatu anali Natulo. Ameneyu sanafunse n'komwe. Anangomva "Buu-u!" n'kutsinzina. Kamphuno anayamwa mpaka ananenepa ngati dzungu, kuyenda kwake kunali kugubuduka. Mawu ake osasa aja anawasiyiratu. "Ndiwatani?" ankatero. "Amangondisekesa."

Koma azimayi atatu aja anakumana padzuwa n'kuyamba kudandaulirana. "Wanga akuonda, koma mkaka ukutha." "Wanganso!" "Inetu ndimaona ngati ndikulota," anatero Natulo. Nandevu atakumbukira mphuno ija, onse anazindikira wakuba mkaka. Tsono anagwirizana kuti kamphuno kaja kakangoyandikira, kaone mano.

Tsiku lomwelo amayi a Kamphuno anatuluka m'madzi, atatopa, mkaka uli tho. Anaima n'kuitana: "Mwanangaaa!"

Kamphuno anathamanga mogubuduka. Anatsegula kukamwa. "Mee-e!"

"Ameneyo ndi wa a Namafuta," anatero amayi ake, n'kupitirira.

Anayesanso. "Nyii-i!"

"Wa a Nandevu, pita kwanu."

Kamphuno anafufuza pakhosi, anafufuza m'mimba, mawu ake osawapeza. Chimene chinatuluka ndi "Buu-u!"

Amayi aja anawerama n'kumununkhiza. "Ukununkha makomo atatu, ndipo langa palibe. Choka apa, mwana wopanda mwambo." Anazungulira chilumba chonse akuitana, ndipo pomaliza anati, "Mwana wanga mafunde anditengera." Anatembenukira kunyanja. Ndipotu mayi amene sanapeze mwana wake sabwereranso mpaka chaka chamawa.

Kamphuno anayang'ana kwa Namafuta, anaona mano. Kwa Nandevu, mano. Ngakhale Natulo anali maso, diso limodzi lili tong'o.

Pamenepo panatera chimbalame chamlomo wangowe, chija chimadikirira ana osiyidwa. Chinamuzungulira chikupendeketsa mutu.

"Zabwino zonse, mayi wamng'ono. Kodi muli ndi eni ake?"

"Ndili nawo! Ndi awo akupita apowo!"

"Nanga bwanji sakucheuka?"

Chimbalamecho chinamujompha kumchira, jo! Ululu unalowa mpaka m'mutu. Kamphuno sanaganize za luso, sanaganize za anzake omuseka. Anangokuwa: "Khwee-e-e!"

Chitseko chadzimbiri chinamveka chilumba chonse. Amayi ake, madzi atafika kale m'khosi, anaima nji. Anabwerera akudumpha miyala, chimbalame chinathawa chitasiya nthenga. Anafika n'kumuwomba Kamphuno khofi ndi dzanja lonyowa, phwa!

"Amayi, mwandidziwa?"

"Mawu oipa chonchi pachilumba pano alipo amodzi okha. Ndi amene ndimawamva ndili pansi pa nyanja. Bwera kuno, mbava iwe, uyamwe."

Ndiye yankho la ndagi ija ndi mawu ako. Phunziro lake ndi ili: usataye chako chifukwa chosirira cha mnzako, pakuti okukonda amakudziwira chomwecho chimene ena amakuseka nacho. Nthano yanga yagona pamenepa.

Ana onse amene ankamvera nthanoyi anaseka, ena akuyeserera kulira kwa Kamphuno. Koma Ndaziona, wamng'ono mwa onsewo, anali ndi chala m'kamwa. Kenaka anachichotsa n'kufunsa:

"Nanga ana atatu anaberedwa mkaka aja, anadya chiyani?"