Masamba Pamsewu

Panali munthu wina wokhoma zidebe, dzina lake Kampira. Ankakhala kuseri kwa tauni, kuja nyumba zimagundana ndi zimbudzi, komwe galimoto za akuluakulu zimafika nthawi ya mavoti yokha. Anali ndi mng'ono wake, Dafuleni, amene ankagwira ntchito ya ulonda.

Ulonda uja unatha. Mkazi wake naye ananyamula ana n'kubwerera kwawo. Dafuleni anasamukira kwa mkulu wake, ndipo anayamba kuzima pang'onopang'ono. Kusamba anasiya. Chakudya ankangochiyang'ana. Ankagona atapenya kukhoma, dzuwa n'kutuluka, n'kulowa. Tsiku lina Kampira pochokera kumsika anamupeza akumanga mfundo pachingwe choyanikira zovala. Anamulanda. Dafuleni sanalimbane naye. Anangoti, "Achimwene, mukungochedwetsa."

Kampira anapita kutchalitchi. Anamuuza kuti amuika m'mapemphero. Anapita kwa akabaza a pasiteji kuti wina anyamule wodwalayo kuchipatala chachikulu, komwe kunali namwino wa matenda a maganizo. Iwo anati, "Madala, wamisala panjinga yamoto? Akadumpha mudzati ndife." Mlangizi wa zaumoyo wa m'deramo anati watanganidwa ndi katemera, abwera. Sanabwere. Oyandikana nawo ena ankati ndi chamba, ena ankati anamulodza ndi mkazi uja, ndipo ana awo anawaletsa kudutsa pakhomopo.

Tsono Kampira anali yekha. Apite kumsika, mng'ono wake apeza chingwe china. Akhale pakhomo n'kumamulondera, afa ndi njala onse awiri.

M'dera limenelo munali mwambo umene inunso mukuudziwa. Munthu akamwalira, amathyola masamba n'kuyala pamsewu. Wanjinga amatsika, wailesi imazimitsidwa, ndipo palibe amene amadikira kuitanidwa.

M'mawa wina Kampira anathyola nthambi za mango n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba yake. Anatulutsa mkeka, nakhala pansi atawerama.

Anthu anabwera msanga zedi. Amayi a kutchalitchi anafika atasenza nkhuni. Akabaza aja anaimika njinga n'kuyamba kututa mabenchi. Adzukulu okumba manda anatulukira ndi makasu paphewa. Mlangizi wa katemera uja, tsiku limenelo nthawi anaipeza.

Mayi Nasibeko, mkulu wa amayi aja, anagwada pafupi ndi mkeka. "Pepani bambo. Zachitika nthawi yanji?"

"Sizinachitike," anatero Kampira. "Ali m'nyumbamo, akupuma."

Phokoso linabuka. Wina anakuwa kuti ameneyu waitanira imfa m'dera. Mmodzi wa adzukulu anaponya khasu pansi. "Misala ija yakulowani inunso eti?"

Kampira anaimirira. "Ndinakuyenderani mmodzimmodzi ndi pakamwa panga, munalibe nthawi. Lero akuitanani masamba, nonse mwapezeka. Chabwino. Mukafuna pitani, koma makasuwo musakawaike patali, muwafuna posachedwa. Mudzamuimbira nyimbo zokoma iye osamva. Ine sindikupempha zachilendo ayi. Nkhuni zomwezi, njinga zomwezi, miyendo yomweyi yakubweretsani. Mumupatse akadali ndi makutu."

Ena anachokadi, akutukwana. Mayi Nasibeko anadzuka, anavula patapata pakhomo, analowa m'nyumba n'kukakhala pansi pafupi ndi munthu uja ankamutcha wachamba. Sanamulalikire. Anangoti, "Mwanawe, ndabwera. Sindikufulumira." Amayi ena awiri anamutsatira.

Panja, mmodzi wa akabaza anakanda mutu n'kuuza mnzake, "Aise, tikwera atatu. Iwe kumbuyo, iye pakati. Adumphira pati?" Mlangizi uja, manyazi atamugwira, anaimbira foni namwino kuti akubwera ndi wodwala.

Dafuleni anaonedwa tsiku lomwelo. Anamupatsa mankhwala, ndipo namwinoyo anakhala naye pansi n'kumumvetsera. Musaganize kuti anachira m'mawa mwake. Masiku ena ankabwereranso kukhoma kuja. Koma tsopano Kampira akapita kumsika, pakhomo pankakhala munthu. Amayi ankasinthana. Ngakhale adzukulu ankabwera ndi bawo.

Namwino uja ataona kuti anthuwa agwirizana anati, "Mukandipezera malo, ndizibwera ine konko." Tchalitchi inatsegula kachipinda kosungira mabenchi. A kumzikiti analengeza kwa anthu awo. Tsiku limene namwino anafika, m'nyumba zomwe zinkaoneka zamtendere munatuluka odwala amene ankabisidwa kuchipinda. Mdzukulu woponya khasu uja naye anabwera atagwira dzanja mkazi wake, amene chiberekereni anali asanasekepo.

Akuluakulu a m'dera anamulipiritsa Kampira nkhuku chifukwa choyala masamba popanda maliro. Nkhukuyo anapereka. Kupepesa sanapepese. Mvula isanagwe, Dafuleni anali kumsika akudula malata a zidebe, n'kumakangana ndi mkulu wake kuti akugulitsa motchipa.

Tsono inu amene mukumva, musachite ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Pamaliro simusowa, ndimakuonani, mpaka mumalimbirana mpando wakutsogolo. Mumzere wa nyumba zanu muli wina amene simunamuone panja kwa nthawi yaitali, ndipo dzina lake mukulidziwa. Palibe akukupemphani kuti mukhale dokotala. Madokotala alipo, koma sangalote okha kuti m'nyumba yakutiyakuti muli munthu akumira. Itanani mnzanu wanjinga, itanani mlangizi, mupite lero. Mukaodire pakhomopo mwini wake akadali woti n'kukuyankhani kuti lowani.